A Mbewe, Mdzukulu Amene Anakana Maliro a Mbale Wanga

Lamulungu lapitali tinali ndi mapemphero okumbukira a Mbewe, popeza chaka chakwana chimwalirireni. Abusa anaimirira m'tenti momwe timapempherera ku Ivory Park n'kunena kuti malemuwo anali munthu wofatsa, wokonda mtendere. Ine ndinatuluka panja. Bodza ndimadana nalo, makamaka lonenera munthu amene sangadzukenso kuti adziyankhire. A Mbewe sanali ofatsa. Inali nkhalamba yamakani, yapakamwa, ndipo inandichita chinthu chimene mpaka lero sindinaikhululukire. Koma ngati pali munthu woyenera kunena za iwo ndi ine, chifukwa ndine ndinawasambitsa.

A Mbewe ndiwo anali mdzukulu wathu. Kumudzi mdzukulu sasowa, maliro akangochitika a banja lina amabwera okha kudzagwira thupi, chifukwa mbale sasambitsa mbale wake. Kuno ku Joni aliyense anabwerera ntchito, ndipo palibe amene amafuna kuti manja ake adziwike ndi mitembo. A Mbewe okha ndiwo anavomera. Mmalawi akamwalira, kaya ku Tembisa, kaya m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana ku Midrand, iwo ankanyamula beseni lawo lachitsulo, sopo, lumo, chopukutira ndi fulasiki ya madzi otentha, n'kupita kumotchale. Ankati anyamata a kumeneko amangopopera munthu ndi paipi, pomwe wakufa naye amamva kuzizira. Akamusambitsa ankamuyankhula, kumuuza njira yonse imene bokosi lidzadutse pa ngolo ya kumbuyo kwa basi: Musina, mlatho wa pamalire, Harare, Tete, mpaka kulowa kwathu. Ankamuchenjeza kuti asavutitse dalaivala panjira, abale akumudikira. Madalaivala ankalumbira kuti maliro osambitsidwa ndi a Mbewe saphulitsa tayala. Azimayi ankasambitsidwa ndi akazi awo, a MaZwane, mayi wa Chizulu amene anaphunzira Chichewa chathu pamaliro.

Nthabwala za chidzukulu anali nazo zoposa muyezo. Ukakumana nawo ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati kalipentala. Ine ankandiuza kuti, iwe Gelesomu, kutalika kwakoku udzatiwonongera matabwa. Anthu ankaseka, koma dzanja lawo palibe ankaligwira. Moni tinkawapatsa chapatali, titagwira pachifuwa. Pa zikondwerero anali ndi kapu yawoyawo, ndipo palibe anachita kuwauza, anangoyamba kubwera nayo m'thumba la jekete.

Nkhondo yawo pa zaka zomaliza inali imodzi yokha: kuti ife amuna a ku Malawi tikwere galimoto ya boma yoyeza khansa tisanafike m'manja mwawo.

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa kumene anachokera. Anachoka ku Dedza ali mnyamata pa kontrakiti ya kumigodi ndipo sanabwererenso, mtchona weniweni. Ankatisimbira mmene ankawavulira onse maliseche powayeza kumigodiko, kuwandandalika ngati mbuzi za pamsika, dokotala akudutsa osayang'ana nkhope ya munthu. Kenako chithunzi cha pachifuwa. Akakupeza ndi kabanga m'mapapo sankakuchiza ayi, ankakupatsa bulangeti lako n'kukutumiza kwanu kuti ukatsokomolere amako. Ndiye kwa amuna a msinkhu wawo, kuyezedwa kunali kuthamangitsidwa. A Mbewe ankati mantha athu amawadziwa, anagona nawo pa bedi limodzi m'komponi. Koma ankati mantha nawo amakalamba, ndipo n'kupusa kumaopabe galu amene mano anagweluka kale.

Zimene zinawasintha ndi zomwe manja awo ankapeza. Zaka zonsezo akusambitsa anthu anayamba kuzindikira zinthu: zotupa zolimba m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, mimba zotupa pa anthu owonda ngati bango. A MaZwane nawo ankabwera kunyumba osafuna kudya, atapeza bere la mayi wina litamangidwa nsanza ndi masamba, bala limene ngakhale mwamuna wake sankalidziwa. Ndiye a Mbewe anayamba kuyang'anitsitsa amoyo. Akaona munthu akuyenda mopendama, kapena kolala ya shati yayamba kumukulira, ankamukokera pambali n'kumuuza kuti apite ku kiliniki.

Apa ndi pamene ife tinaonetsa uchitsiru wathu. Munthu pofika poti nkhalamba imuzindikire ndi maso, ndiye kuti matenda apita kale patali. Ambiri amene anawauza anamwaliradi. Ife m'malo moona chimene chinali poyera, tinayamba kunong'onezana kuti a Mbewe akakuuza za kiliniki ndiye kuti akuyika chizindikiro, akusowa ntchito. Anthu ankakhota njira akawaona. Mayi wina anawathira madzi otsukira mbale. Iwo anangopukuta kumaso n'kumuuza kuti madziwo ngozizira, iwo akadzamubwezera adzamutenthetsera.

Kenako kunabwera galimoto ija. Inali yaitali, yoyera, ndipo inaima pa bwalo la fumbi kuseri kwa renki ya mataxi. Anamwino anakhoma matenti n'kuyamba kulengeza pa chimkuzamawu kuti boma labweretsa kuyeza khansa kwaulere, amayi khomo la chiberekero ndi mawere, abambo magazi. Eni dziko anayamba kufola. Ife titangoona chizindikiro cha boma pachitseko, bwalo lonse linatha Amalawi. Telala anasiya makina ali ndi buluku la mwini pansi pa singano. Wina anakadzitsekera m'chimbudzi cha eni ake mpaka masana. Mphekesera zinali zoti akakutenga magazi ndiye kuti akutenganso zidindo za zala, mawa lake uli m'lole ya kumalire. Ena ankati m'galimotomo muli chala cha dokotala chimene mwamuna akakumana nacho, kunyumba kwatha.

A Mbewe anapita kwawo, anakavala jekete yawo yakuda ya pamaliro, anadutsa pakati pa bwalo pang'onopang'ono kuti aliyense wosuzumira pa mpata wa malata awaone, n'kukwera masitepe aja. Tinadikira kuti tione apolisi. A Mbewe anatuluka akupinda mkono, ali ndi kathonje, akuseka.

"Pasipoti sanandifunse. Andifunsa ngati ndimakodza bwino. Ndakhala m'dziko lino moyo wanga wonse, lero ndi pomwe boma lafuna kudziwa mmene ndimakodzera."

Tinaseka, koma okwera anali ochepa, makamaka azimayi amene a MaZwane anachita kuwakoka pa mkono. Galimoto inabweranso, n'kubweranso, amuna ife tili phee. Patapita miyezi, tsiku lina Lamulungu pa nthawi ya zolengeza, a Mbewe anaimirira osapatsidwa mpata. Nkhope inalibe nthabwala.

"Ine ndatopa kupeza matenda anu ndi manja anga inu mutazizira kale. Mwamuna aliyense amene wayamba imvi, galimoto ija ikabwera n'kupita iye osakwera, akadzafa asandidikire. Adzatsukidwa ndi paipi ngati taxi."

Tenti yonse inafa nacho chiseko. Amene anaseka kwambiri anali achimwene anga a Fanuwelo, obadwa nawo bere limodzi, amene ankagwira ntchito ya m'maluwa m'nyumba za mipanda ku Midrand. Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kale kuima pa khoma lililonse tikamayenda, kukodza timadontho n'kumatukwana. Msana ankati wawapweteka ndi makina otchetchera kapinga. Mapepala awo anali atatha, ndipo ankaopa chilichonse chokhala ndi chizindikiro cha boma, ngakhale galimoto yotola zinyalala. Anamwa mabotolo a zitsamba a m'misewu ya m'tauni, anapita kwa mneneri wina anawapatsa ulusi womanga m'chiuno. A Mbewe anawatsata mpaka pakhomo, anawapempha, anawatukwana, anawauza kuti adzawaperekeza okha ndipo apolisi akabwera ayambe kugwira iwo. Achimwene anangowafunsa kuti, madala, bokosi langa mwaliyeza kale eti?

Pamene tinawanyamula kupita nawo kuchipatala n'kuti asakuthanso kuima. Adokotala anati ndi khansa, inayambira kunsi kwa chikhodzodzo ndipo yalowa m'mafupa. Anamwalira m'nyengo yozizira.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Mbewe monga mwa mwambo, kukawauza kuti mdzukulu akufunika. Ndinawapeza atakhala pa kireti pakhomo, beseni lili pambali. Anandipepesa bwinobwino, n'kundiuza kuti sapita. Ndinayesa nthabwala za chidzukulu, zija amafuna uwanyengerere. Anabwereza kuti sapita, ananena pamaso pa mpingo. Ndinawakumbutsa kuti mbale sasambitsa mbale wake, kuti mayi athu kumudzi akadzamva adzafa ndi chisoni. Anati akudziwa. Pamenepo mutu wanga unayaka. Ndinawagwira pa kolala, nkhalamba ya msinkhu wa bambo anga, ndinawatchula mfiti, ndinawatchula mtchona wopanda kwawo. Beseni ndinalimenya theche linakagunda khoma la nyumba yoyandikana nayo n'kubenduka m'mbali. Iwo sanakweze dzanja, sanakwezenso mawu. A MaZwane anakatola beseni lija, anaikamo sopo, lumo ndi fulasiki, n'kundipatsa m'manja.

Sindikanalola kuti mbale wanga apoperedwe ndi paipi. Ndinalowa ndekha m'chipinda cha matailosi cha kumotchale, achimwene ali pa tebulo lachitsulo, ine osadziwa poyambira. Ndili chiimire choncho ndinamva kutsokomola kuseri kwa chitseko. A Mbewe anali atanditsatira. Sanalowe, phazi lawo silinadutse pakhomo. Anaima m'khonde n'kuyamba kundiuza ndi mawu otsika: thira madzi a m'fulasiki, uyese ndi chigongono ngati a mwana, yamba kumutu, muuze kuti ndiwe ndani asadabwe. Ndinachita zonse ukali usanandithere. Titafika pamimba anati:

"Tsopano ika dzanja pansi pa mchombo. Dinikiza. Usathawe, Gelesomu. Wachimva?"

Ndinachimva. Sindifotokoza. Ndimaumba ndi kumanga njerwa, manja anga ndi okakala ngati chikwanje chakale, koma chimene ndinagwira tsiku limenelo chikadali m'chikhatho changa. Nthawi zina ndikamakanda simenti ndimachimvanso, ndimasiya fosholo n'kupukuta dzanja pa ovolosi.

"Chimenecho chinayamba ngati njere ya mapira," iwo anatero kuseri kwa chitseko. "Ine ndimachipeza chitafika pamenepo. Galimoto ija imachipeza chikadali njere."

Kenako anayamba kuwauza achimwene njira, kudzera pa mpata wa chitseko. Musina, mlatho, Harare. Atafika pa Tete mawu anawathera. Ndinadikira kuti apitirize koma ndinangomva kupuma. Ndinamaliza ndekha, kuchokera pa Tete mpaka pa mtengo wa mango wa pakhomo pa mayi athu ku Ntcheu.

Nkhani inawanda Ivory Park yense bokosi lisanafike n'komwe pamalire: a Mbewe akanadi maliro, Gelesomu wasambitsa mbale wake. Galimoto itabweranso, mzere wa amuna a ku Malawi unakhota mpaka ku renki. Anamwino anadabwa kuti anthu onsewa anali kuti. Sikuti tinazindikira ayi, musatinamizire nzeru. Tinaopa paipi. Mwamuna wa ku Malawi akhoza kupirira matenda, njala ndi chipongwe cha kutchedwa kwerekwere, dzina lonyoza alendo, koma sangapirire kukafika kwawo ali wosasamba. A Mbewe ankatidziwa. Pa mzere umenewo panali a Kenala owotcherera zitseko, amene anawapeza ndi khansa ikadali yaing'ono, anawachita opaleshoni, ndipo Lamulungu lapitali anali m'tenti akudya mpunga ngati mawa kulibe. Inenso ndinafola, nditafunda mkwiyo wanga.

Kuyambira pamenepo ine ndi a Mbewe sitinayankhulanenso. Akandipatsa moni ndinkayang'ana kumbali. Koma maso ndinali nawo. Ndinaona jekete yakuda ija ikuyamba kuwakulira. Ndinaona kuti masiku ena ankakwera taxi m'mawa kupita m'tauni, ndipo akafunsidwa ankati akukagula sopo, ngati kuti sopo wa pa spaza, kagolosale ka pamakomo, sachita thovu. Foni yawo, imene kale ankaiwala paliponse, tsopano inkakhala m'thumba la pachifuwa, ndipo ankaigwiragwira pakati pa nkhani.

Nthawi yomweyo galimoto inayamba kudumphadumpha. Mwezi uno yabwera, miyezi ingapo osaoneka, kenako zii. Pa geti la kiliniki panayamba kuima anthu ena, osati anamwino, osati apolisi, omafunsa ziphaso n'kubweza aliyense woyankhula Chizulu chopotoka. A Mbewe anakakangana nawo m'chiyankhulo cha kumigodi cha Fanakalo, kuwauza kuti golide amene anamanga mzinda uno anamukumba iwo ndi mapapo awo, makolo a ofunsawo asanaone n'komwe nyali ya magetsi. Anthuwo anawakankha, iwo anagwa, anadzuka n'kupitiriza kutukwana. Atalephera kumeneko anasamutsa kireti yawo n'kukaika pa bwalo paja pamene galimoto inkaima. Ankakhala pamenepo m'mawa uliwonse. Wodutsa akawafunsa ankati akuisungira malo, ibwera, boma silinanene kuti yasiya.

A Mbewe atamwalira, a MaZwane anabwera kwanga ndi beseni lobenduka lija. Anati Baba, monga ankawatchulira amuna awo, ananena kuti wowasambitsa ndi iwe. Ndinakana, ndinati akaitane anyamata a paipi, aone mmene zimakhalira. Mayiwo anangoika beseni pakhomo panga n'kubwerera. Ndinalisiya pamenepo mpaka dzuwa litakwera. Kenako ndinatenthetsa madzi.

M'chipinda chomwe chija, pa tebulo lomwe lija. Munthu anali atatha, mafupa okhaokha. Ndikupukuta m'chiuno ndinaona timadontho takuda ngati ta inki, kena kumanja, kena kumanzere, kena pansi pa mchombo. Ndinapaka sopo, sitinachoke. Ndinati mphini izi. Ndinaseka ndekha m'chipindamo, kuseka kowawa, kuti nkhalamba yachinyengo, ife kutithamangitsira ku galimoto ya boma iyo ikukatemera kwa sing'anga. Ndinatuluka manja ali ndi thovu n'kukawauza a MaZwane m'khonde momwemo, mosasankha mawu.

Iwo anandiuza, m'Chichewa chawo chosakaniza, kuti timadontho timeneto anaika ndi a kuchipatala chachikulu. Amaika kuti makina owotcha khansa adziwe poloza. Tsiku lija a Mbewe anakwera galimoto oyamba n'kutuluka akuseka, magazi awo anapezeka kuti sali bwino. Anawaitana ku kiliniki, kenako kuchipatala, ndipo anawauza kuti ndi yomweyo ya amuna, yayamba kale kuyenda. Pamene ankalumbira m'tchalitchi n'kuti akudziwa. Pamene ankaima kuseri kwa chitseko n'kumandiuza kuti ndidinikize, chinthu chomwecho chinali pansi pa lamba wawo. Sopo wa m'tauni uja anali majekeseni ndi mapiritsi. Atawaika timadontho anawauza kuti apite kunyumba adikire foni, makina ndi ochepa, odwala ndi ambiri.

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere. A MaZwane anati nawonso anawafunsa kambirimbiri, ndipo yankho linali limodzi.

"Anati anthu anga ndimawadziwa. Akamva kuti woyamba kukwera anatsika ndi matenda, adzati galimoto ndiyo imapatsa. Sadzakweranso ndi mmodzi yemwe."

Ndinabwerera m'chipinda muja. Madzi anali atayamba kuzizira, ndinawonjezera a m'fulasiki. Itafika nthawi yowauza njira ndinasowa chonena, chifukwa iwo amene anatumiza anthu onse aja kwawo analibe kopita. Ku Dedza kunalibenso wowadziwa. Tinawaika konkuno, ulendo wake wosakwana n'komwe kuti munthu atope. Ndinangowauza kuti, madala, musavutitse dalaivala, si patali.

Anthu amandifunsa maganizo anga pa boma limeneli. Boma limene linatumiza galimoto kudzafunafuna matenda m'matupi mwathu, ife alendo, osatifunsa pasipoti, ndipo a Kenala ali moyo. Boma lomwelo linalemba timadontho pa thupi la nkhalamba n'kuisiya ikuyang'ana foni. Sindidziwa ngati ndithokoze kapena nditukwane, ndiye ndimachita zonse ziwiri. Za a Mbewe nazo n'chimodzimodzi. Achimwene anga anayenera kusambitsidwa ndi mdzukulu, ndipo palibe kadontho kalikonse kamene kadzasinthe zimenezo.

Beseni lili kwanga tsopano. Anthu ayamba kundipatsa moni atagwira pachifuwa.

Ndikamapita kokwera taxi m'mawa ndimadutsa pa bwalo paja. Galimoto sinabwerenso chimwalirireni iwo, ngakhale anamwino a ku kiliniki amati ibwera. Pamene inkaima pakadali banga lakuda la oyilo, mvula yalephera kulichotsa. Zikhomo ziwiri za tenti zinatsalira m'nthaka, anthu amapunthwapo. Ogulitsa tomato ndi makala adzaza bwalo lonse mpaka m'mphepete mwa msewu, amakanganirana kachigawo kalikonse, koma pamenepo palibe amene wayalapo thumba. Kireti ija ikadali pomwepo, yotembenuza, yoyezuka ndi dzuwa, ndipo ku Ivory Park kumene ngakhale chingwe choyanikira zovala chimabedwa, palibe waigwira. Chapatali pang'ono, pa windo la spaza, pamakhala foni yakale ya malemuwo yolumikizidwa kumagetsi. A MaZwane amaibweretsa m'mawa uliwonse kuti isathe moto. Akuti safuna kuti tsiku limene makina aja adzakumbukire a Mbewe, adzapeze yozima.